Nsungwi za Asisi Machubu

Ku nazale ya asisi Machubu kunali lamulo limodzi lokha: nsungwi sadula. Ukanatha kuthyola ndimu, kuponda mbande, ngakhale kubwereka wilibala n'kuibweza tayala litaphwa, akanangokukalipira n'kuiwala. Koma ukangoyandikira nsungwi zawo uli ndi chikwanje m'manja, unkadziwa kuti mayi wofatsa uja pakamwa ali napo. Osodza ankabwera kudzapempha kamtengo ka mbedza, amayi ankabwera kudzapempha mzati wa chingwe choyanikira zovala, onse ankabwerera chimanjamanja. Ina ikauma yokha n'kugwa, apo ndiye ankati tolani.

Nazaleyo ili kumunsi kwa mlatho, pamene mtsinje umakhota ngati chigongono. Ukatsika pa msewu waukulu umalowa m'kanjira ka nyumba zogundizana. Umadutsa kagolosale, saluni, kenako shedi ya wowotcherera zitsulo amene tonse timamutcha Magalasi, chifukwa magalasi ake akuda savula ngakhale pakudya. Ukapitirira pamenepo fungo la chitsulo chopsa limatha, n'kuyamba la dothi lonyowa. Nyumba ya asisi ndi yomaliza m'kanjirako, ya zipinda ziwiri, msana wake unaloza kukanjira, khonde lake linaloza kumtsinje. Kuyambira pakhondepo mpaka kugombe kunali machubu akuda okhaokha, ondandalikidwa m'mizere: malalanje, mandimu, mapeyala, magwafa, maluwa a m'maofesi, ndi timitengo ta mpanda timene olemera amakonda. Dzina lawo linachokera pamenepo.

Tinali kalasi imodzi ku sekondale, ngakhale anali aakulu kwa ine ndi zaka zingapo, n'chifukwa chake ndimawati asisi. Sukulu anaisiyira panjira bambo awo atamwalira, n'kukalowa ntchito yothirira maluwa pa nazale ina ya m'tauni. Kumeneko anaphunzira kumezanitsa mitengo, ntchito ya kalezala ndi kapulasitiki, yolumikiza kanthambi ka mtengo wobereka bwino pa tsinde la mtengo wolimba. Pamene ine ndinkakwera ndege kupita kukaphunzira kunja, iwo anali atapeza kale malo awa, amene aliyense ankawakana poti anali kotayako zinyalala. Anazula mabotolo ndi zitini ndi manja awo, chala chimodzi mpaka lero sichipindika.

Chaka chawo choyamba mtsinje unadya gombe n'kutenga chimbudzi chawo, chitseko ndi zonse. Madzi ataphwera anapeza chidutswa cha nsungwi chitakodwa m'matope, chitayamba kale kuphukira pa mfundo. Anachikwirira pomwepo. Chitakula anagawa tsinde n'kudzala pena, chaka china penanso, motsatira gombe, kenako n'kumalowerera pokhota paja. Nsungwi zikagwira mchenga malo ankakula, malo akakula iwo ankayalapo machubu ena n'kudzalanso nsungwi kutsogolo. Mchengawo unkaunjikana mpaka nazale inakwera kuposa kanjira ka anthu. Ankati akuulanda mtsinje zimene unawabera, ndi chiwongoladzanja chomwe. Ndipo kunena zoona, kwa zaka zambiri madzi akadzaza ankagunda nsungwizo n'kubwerera, anthu a m'kanjira n'kumagona tulo.

Amuna awo, amene ine ndimawati alamu, anali dalaivala wa malole mpaka ngozi itawadula mwendo wa kumanzere. Kuyambira pamenepo ofesi yawo inali pakhonde: wailesi pambali, ndodo zoyendera zitatsamira khoma, lumo m'manja akudula timalamba ta pulasitiki tomezanitsira, kapena akumata kheni yothirira yodontha. Pa zonse za pa lole anatsala ndi chinthu chimodzi, lamba wautali womangira katundu, wopindidwa bwino pamsomali kuseri kwa chitseko. Ogula akamanenerera mtengo, iwo ankayankha asanafunsidwe kuti bwana ndi uyo wa matope m'manjayo, iwo ndi a zachitetezo chabe.

Ine kunja ndinabwerako ndi mapepala a sukulu ndi chizolowezi choyang'anayang'ana wotchi. Ndinafikira kwa achimwene anga, m'nyumba zosanjikizana za kumtunda, ndipo miyezi inadutsa sutikesi yanga ili pakona, ndikungosololamo chimene ndikufuna kuvala tsikulo. Ndili kunja ndinkalakalaka kwathu, ndili kwathu ndinkangofufuza matikiti a ndege pa foni. Asisi atamva zimenezi anandipatsa dzina loti Sutikesi, ndipo linandikanirira. Komabe ku nazale kokha ndi kumene sankandifunsa kuti ndawatengera chiyani kapena ndibwerera liti. Ankangondiponyera mtolo wa machubu n'kundilozera mulu wa dothi.

Tikamadzaza machubuwo ndiye tinkakangana. Ndinkawauza kuti kumene ndinali munthu saloledwa kumanga pafupi ndi mtsinje chonchi, kuli mapu opakidwa zofiira osonyeza pamene madzi adzafike. Alamu anafunsa ngati mitsinje ya kumeneko imadziwa kuwerenga mapu. Asisi sankaseka. Ankati a khonsolo anawalozera kale malo kuphiri, kutali ndi tauni, pamiyala, kumene madzi amachita kubwera pa galimoto.

"Mbande zanga ndizikazithirira malovu?" anandifunsa tsiku lina.

Anandikumbutsanso za anthu a kutsidya. Madzi atasefukira chaka china, anthuwo anamvera, anakagona muholo ya sukulu. Kuchokera muholomo lole inawatenga ulendo wa kuphiri, ndipo amene anazemba kuti akaone nyumba zawo anapeza makoma atalembedwa mtanda wofiira, chizindikiro choti agwetsedwe. Asisi ankati kuchoka n'kosavuta, ngakhale nkhuku imachoka. Nkhani ndi kubwerera. Ine ndinkati moyo ndi umodzi, nazale ikhoza kuyambidwa kwina. Iwo ankati mawu amenewo ndi a munthu amene katundu wake yense ali ndi matayala.

Mvula ya chaka chimenecho sinabwere ndi mabingu. Inayamba ngati yongodutsa, n'kukhazikika ngati mlendo wopanda manyazi. Zovala sizinkauma, makoma a m'nyumba mwa achimwene anayamba kutuluka thukuta. Ine ndinkangozungulira pakati pa windo ndi foni. Anthu ankatumizirana mavidiyo a kumtunda kwa mtsinje: denga lamalata likuyandama lathunthu, galimoto itagona chammbali, anthu ataima pachulu ndi mitolo pamutu. Vidiyo iliyonse ndinkaiimitsa n'kuikulitsa ndi zala, kufunafuna ngati pali shedi ya Magalasi kapena nsonga za nsungwi.

Ndikaimba foni ankayankha ndi alamu. Ndinawafunsa kuti madzi afika pati, iwo anati ndisadandaule, iwo madzi amawanyowetsa mwendo umodzi wokha, ndiye ali pabwino kuposa ine. Ndinapempha kuti ndilankhule ndi asisi. Ndinawamva chapatali akuti manja ali ndi matope, amuuze Sutikesi kuti nsungwi zili chilili. Ndinawachonderera kuti abwere kwa achimwene, chipinda chilipo, ndibwera ndi galimoto. Alamu anati uthenga wafika, koma bwana wakana kusaina.

M'mawa mwake foni sinalowenso. Ndinayesa ya Magalasi, chimodzimodzi. Wailesi inali kutchula madera amene madzi alowa, ndipo inatchula kumunsi kwa mlatho. Achimwene anandiuza kuti ndisadzipereke, kuli anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo. Ndinavala nsapato zanga zoyendera pa chisanu, zimene ndinkaganiza kuti sizilowa madzi, n'kutsika.

Pa mlatho panali chigulu cha anthu chikuonerera. Mtsinje umene ndinkaudumpha pamiyala nthawi ya dzuwa unali utasanduka munda wa matope woyenda, phokoso lake lomveka m'chifuwa osati m'makutu. Amuna ovala majekete onyezimira anali atamanga chingwe potsikira. Mmodzi anandiuza kuti anthu a kumunsiko anauzidwa kale kuti achoke, otsalawo asankha okha. Sindinakangane naye. Ndinazungulira kuseri kwa kagolosale n'kudumpha mpanda.

M'kanjira madzi anali a m'mawondo, ozizira, okoka. Nsapato zanga zinadzaza pa sitepe yoyamba. Khoma la kumbuyo kwa saluni linali litagwa kale, galasi lalikulu lili chiimire lokha likuonetsa mitambo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti madziwo sankachokera kumtsinje kudzera ku nazale. Ankachokera kumtunda kwa kanjira n'kumatsika ngati kanjirako ndiko mtsinje, akunyambita makoma a nyumba iliyonse. Nditakhota pa nyumba ya asisi ndinapeza nazale ili bwinobwino, madzi a m'kakolo chabe, machubu ali m'mizere yawo.

M'nyumba bedi linali pamwamba pa njerwa, matiresi pamwamba pa kabati, ndipo alamu anali pamwamba pa tebulo, wailesi pamwendo, ndodo zawo atazipingasa kumbuyo. Anandilonjera ngati ndabwera kudzamwa tiyi, n'kupepesa kuti mpando wa alendo watuluka pang'ono. Koma maso awo ankabwererabwerera kukhoma la kumbuyo. Nyumba zonse za m'kanjiramo ndi za njerwa zomangira dothi, ndipo khomalo linali litada ndi chinyezi mpaka m'chiuno. Nditalikhudza, chala changa chinalowa pakati pa njerwa ngati m'phala.

Panja asisi ndi Magalasi anali pa mkangano umene unaoneka kuti unayamba kalekale. Asisi anali atavala jekete la alamu, akunyamula machubu a kumzere wa kumunsi kupita nawo pakhonde, osaima. Magalasi ankawatsatira uku ndi uku, akunena kuti madzi a m'kanjira akubwera chifukwa cha nsungwi. Asisi anamuyankha osamuyang'ana kuti nsungwi zomwezo ndi zimene zasunga shedi yake zaka zonsezi, pakanapanda izo bwenzi akuwotcherera nsomba. Magalasi anavomera kuti n'zoona, anathokozanso, koma anati lero ndi lero, akwere pa denga la shedi akaone okha. Atandiona ine asisi anangoti, wabwera kudzandinyamula? Ndiye yamba ndi magwafa awo.

Ndinawauza kuti sindinyamula kanthu mpaka atakwera pa dengapo. Anandiyang'ana, anaika machubu pansi, n'kutsogola.

Makwerero a Magalasi anali oterera, malata akulira pansi pa mapazi athu. Tili pamwamba zonse zinaoneka poyera. Pokhota paja, pamene nsungwi zinalowerera kwambiri mumtsinje, panali phiri la zinthu. Mitengo yathunthu ndi mizu yake, malata opindika, matiresi, firiji, zigubu, matayala, majumbo osawerengeka, zonse zitakodwa m'nsungwi n'kulukana ngati chisa. Nsungwizo zinali zitawerama koma osathyoka. Zinagwira ntchito yake ndendende monga mmene asisi anaziphunzitsira: sizinalole kanthu kudutsa. Mtsinje utapeza khomo lotseka unakwera, n'kupeza potsika kuseri, m'kanjira ka anthu.

Asisi anayang'ana nthawi yaitali. Mvula inkatsika pa chipewa cha jekete n'kumadontha pachibwano pawo. Tonse tinkaona chinthu chimodzi: nsungwi za pokhota zikadulidwa, mtsinje ubwerera m'njira yake yakale, ndipo njira yakaleyo inali pakati penipeni pa nazale.

Ndinawagwira mkono. Ndinawauza kuti azisiye zonse, nyumba, nsungwi, machubu, titenge alamu tikwere kumtunda madzi asanafike m'chiuno. Nyumba zikagwa zigwe, anthu ambiri atuluka kale.

"Ndichoke osadula," anatero, "nyumba za anthu zigwe, mawa adzati Machubu anagwetsa nyumba zathu n'kuthawa. Ndidzabwera ndi nkhope yanji? Ine kuno ndikubwerera, Sutikesi. Iwe sukumva pamenepo."

Kenako anafunsa Magalasi ngati chikwanje chake chili chakuthwa. Iye anati n'chakuthwa, ndipo akadula yekha, iwo akhale pakhonde. Asisi anapukusa mutu. Anati Magalasi amadziwa chitsulo, nsungwi yokoka saidziwa, ikhoza kumung'amba nkhope magalasi n'kutsala. Anati amene anadzala ndiye adule.

Titawauza alamu, sanachite nthabwala. Anatuma Magalasi kuti atenge lamba uja kuseri kwa chitseko. Anawaitana akazi awo kuti ayandikire patebulo, anawazunguliza lambayo m'chiuno ndi m'mapewa, n'kumanga mfundo ya pa lole, akukoka ndi mano. Anaiyesa kawiri, n'kuyesanso.

"Katundu amene ndamanga ine sanagwepo panjira," anatero motsitsa. "Usakhale woyamba, mayi."

Asisi anawauza kuti asiye zachibwana, akwere wilibala. Ine ndi Magalasi tinawanyamula n'kuwakhazikamo, wailesi pamimba, ndodo m'manja. Kukankha wilibala m'madzi oyenda si ntchito yamasewera, tayala linkamira m'maenje osaoneka. Alamu anadandaula njira yonse kuti moyo wawo wonse anali dalaivala, lero asanduka katundu, ndipo woyendetsa wake alibe ndi laisensi yomwe. Titafika pouma, pafupi ndi kagolosale, anandikankha ndi ndodo. Anati ndisaime pamenepo ngati chipilala, ndithamange, ndipo lambayo ndisamukulunge padzanja, ndimuzungulize pamtengo.

Tinatero. Pakati pa nazale pali mtengo wa peyala, mayi wa mapeyala onse amene asisi anagulitsapo, umene amadulako timitengo tomezanitsira. Tinazunguliza lamba pamenepo, Magalasi kutsogolo, ine kumbuyo, n'kumamasula pang'onopang'ono asisi akulowa. Kuseri kwa nsungwi madzi anali odekha koma akuya, anawafika m'chiuno, kenako m'nthiti. Kutsogolo kwawo, kupyola mapesi a nsungwiwo, phiri lija linkapuma ngati chinyama.

Sanayambe ndi zazikulu. Anayenda nazo ndi dzanja, kugwira iyi, kugwira iyo, kumva imene yalemedwa kwambiri. Kenako anaima chammbali n'kutema. Nsungwi yoyamba inaphulika ngati mfuti, nsonga yake inakwapula madzi patali. Anthu a pa mlatho anakuwa. Anatema yachiwiri, yachitatu, osafulumira, akusuntha chammbali nthawi iliyonse. Ina inang'ambika m'litali n'kuwacheka pamkono, ndinaona jekete litatseguka ndi magazi akusungunuka m'mvula. Ndinawaitana kuti zakwana, abwerere. Sanatembenuke. Anangosintha dzanja.

Sindidziwa kuti anadula zingati. Ndimangokumbukira kuti phokoso linasintha, kuchoka pa kuwomba kupita pa kubuula, ndipo firiji ija inatembenuka yokha pang'onopang'ono. Magalasi anakuwa kuti koka. Tinakoka. Asisi anagwa chagada n'kumira, lamba anauma gwa ngati chitsulo, khungwa la peyala likusupuka. Ndinaponda pa muzu n'kugona chambuyo, manja akupsa. Mutu wawo unatulukira, kenako mapewa, tinawakwakwaza m'matope ngati thumba mpaka patsinde pa mtengo. Chikwanje chinali chikadali m'manja mwawo.

Pamenepo phiri lija linanyamuka. Inayamba kudutsa ndi firiji, kenako matiresi, kenako mitengo ikugubuduzika, ndipo pambuyo pake mtsinje wonse unalowa pa mpata umene asisi anatsegula. Tinathawira pakhonde. Madzi saiwala khwawa: anadutsa pakati pa nazale ngati sanachokepo. Machubu anayamba kunyamuka mzere ndi mzere, ena chiimire, masamba ali m'mwamba, akutsatana mwaulemu ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Ntchito ya zaka zonse zija inadutsa pamaso pathu nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi.

Ndinkaopa kuwayang'ana. Nditacheuka ndinapeza akumanga mkono wawo ndi kalamba ka pulasitiki komezanitsira, mano akugwira nsonga ina. Analoza ndi chibwano malalanje amene ankadutsa.

"Amene awatole kumunsiko awathirire," anatero. "Apo ayi ndimulondola."

M'kanjira madzi sanaphwe nthawi yomweyo, koma analeka kukoka. Pofika masana pakhoma la shedi panaoneka mzere wonyowa pamwamba pa madzi, ndipo unkatalikira. Magalasi anauyang'ana, anavula magalasi ake, koyamba ine kuona maso ake, n'kuwapukuta pa malaya onyowa kale. Nyumba ya asisi inang'aluka kukhoma la kumbuyo koma inaima. Ya golosale inaima, ndi zina zonse zotsatira.

Asanachoke, asisi anatenga ndowa. Anakwera pa muzu wa peyala n'kudula timitengo tanthete todzaza dzanja, anadulanso ku ndimu ndi ku lalanje la pakhonde, n'kukulunga m'thumba lonyowa. Kenako anatola zidutswa za nsungwi zimene zinakodwa pakhonde, kusankha za mfundo zabwino. Ndinawafunsa ngati akuchita nthabwala. Anandipatsa ndowayo kuti ndinyamule.

Kumsewu, bambo wa jekete lonyezimira uja anatilozera lole yopita kuholo ya sukulu. Asisi anamuthokoza n'kumuuza kuti ali ndi kwawo kofikira, kwa mng'ono wawo uyu. Iye anati kulikonse kumene apite adziwe kuti kumunsi kuja sikukhalanso munthu, mtsinje wanena wokha. Asisi anamuyang'ana kuyambira ku nsapato zake zouma mpaka kuchipewa.

"Mtsinje ndakambirana nawo kale lero, achimwene," anatero. "Inu mwachedwa."

Kwa achimwene anakhalako masiku angapo. Alamu anakhazikika pa sofa ndi rimoti ngati anabadwira pomwepo, akuuza aliyense kuti kusefukira kwa madzi kuli ndi ubwino wake. Asisi sanakhale pansi. Mkono atausoketsa kuchipatala, bafa la achimwene linadzaza timitengo tonyikidwa m'madzi, moti tinkasamba chopendekera. Ankayenda m'nyumbamo ngati nkhuku yomangidwa mwendo, akusuzumira pawindo kuyang'ana kumunsi. Usanathe mlungu anamva kuti madzi aphwa ndipo olemba mtanda wofiira aja sanafike, poti anali otanganidwa kutsidya. Anati ndiye tiwafikire ife poyamba.

Wilibala inali itathyoka mwendo tsiku lija. Asisi analowa m'chipinda changa, anaima pakona, n'kufunsa ngati chinthu ichi matayala ake amagwira ntchito kapena ndi okongoletsa. Ndisanayankhe anali atakhuthulira zovala zanga pabedi. Anayalamo matumba onyowa, anaikamo timitengo tawo, zidutswa za nsungwi ndi mtolo wa machubu atsopano, n'kutseka zipi. Ndinaikoka ndekha kutsika nayo mpaka ku mlatho, ikudontha madzi njira yonse, anthu akundifunsa ngati ndikubwerera kunja.

Nazale kunalibe. Panali bwalo la mchenga ndi miyala, ndi ngalande yakuya pakati, peyala ataima yekha m'mphepete mizu ina ili pamtunda. Nsungwi za m'mbali zinatsala, za pokhota zinapita ndi zitsa zomwe. M'nyumba matope anafika m'mawondo. Anthu a m'kanjira anali kale pa ntchito yokokolola matope m'nyumba zawo, ndipo atawaona asisi, mayi wa saluni anasiya fosholo n'kubwera kudzawagwira m'manja. Wa golosale anabweretsa njerwa zimene anatola, anaziunjika pafupi ndi khoma long'aluka lija n'kubwerera.

Asisi anayenda pabwalopo manja ali kumbuyo, akuponda apa ndi apo. Kenako anatsegula sutikesi, anatenga chidutswa cha nsungwi ndi khasu, n'kuyamba kukumba, osati pokhota paja koma kumbuyo kwambiri, m'mbali mwa ngalande yatsopano, motsatira kumene madzi amalowera. Magalasi anatulukira m'shedi akupukuta manja, n'kufunsa ngati maso ake akuona bwino, mayi akudzalanso zomwe zija.

"Ndinalakwitsa malo, osati mbewu," anayankha asisi. "Pokhota ndapasiya, adutsepo mwini wake. Koma apa pokha andipeza."

Magalasi anati akaona nsungwi imodzi yokha ikulowera kumtsinje adzaidula yekha usana dzuwa likuswa mtengo. Asisi anati akadzatero adzabwereke chikwanje kwa iwo, poti chake sakubweza.

Ine maganizo anga sanasinthe, ndipo ndinawauza. Ndinati madzi adzabweranso, mwina oposa awa, ndipo tsiku lina lamba adzaduka. Ndinati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akukwirira nsungwi yachiwiri ndi chidendene. Anati ndanena bwino, ndipo ndipitirize kunena chaka chilichonse mvula ikayamba, foni azidzayankha okha. Kenako anatulutsa mtolo wa machubu mu sutikesi muja n'kundiponyera pachifuwa.

"Dothi ndi ilo mtsinje watisiyira," anatero. "Dzaza."